Mizere Iwiri ya Mwaye

A Barinaba Kamtedza tinawaika Lachitatu lapitali kunja kwa mpanda wa manda a mpingo, pafupi ndi dzala. Pamaliropo ndinamva mabodza ambiri kuposa nyimbo, ndipo ndikapanda kuwasanza penapake andiwolera m'mimba. Sukulu ndinaithawa ndili Sitandade 4, koma cholembera ndimadziwa kuchigwira, ndiye mupirire nane.

Woyamba kuyankhula anali a Yustino, karani, mlembi wa padoko pano pa Mbamba Bay, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Anagwira chipewa pachifuwa nati malemuwa anali tate wa makuli onse onyamula katundu, munthu wodziwa kazi yake, ndiye kuti ntchito yake. Ndinayang'ana pansi kufuna pothira malovu. Ndi a Yustino omwewo amene anawachotsetsa ntchito, ndipo ndi iwo omwewo amene analoza malo a pafupi ndi dzalawo. Azimayi ankalira m'nyumba ya siwa, koma maso awo ankayenda kudenga ndi kuseri kwa mitsuko, kufufuza ngati nkhalamba inasiya kachitini kena. Za kachitiniko ndifotokoza. Mlamu wanga Matiya sanabwere n'komwe. Anatumiza mawu akuti ndodo yake sifika pamanda a mfiti.

Ine sindiwadzoza mafuta a Barinaba. Anali munthu wovuta. Wamfupi, wamatewe, bondo lakumanzere lotupa ngati chipanda. Ankanunkha fodya wa pamphuno ndi mafuta a nsomba. Malovu ankathira paliponse: pamchenga, m'manja asanagwire chingwe, pamwala asananole mpeni, ngakhale pachilonda cha mwana wa eni. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito pansi pawo, zikomo sindinamumve m'kamwa mwawo. Anachokera ku Nkhotakota ali mnyamata wosonkhezera nkhuni m'sitima, anakwatira kuno a Marita, n'kukhazikika mpaka kukhala kapitawo wa ife makuli, onyamula katundu wa padoko. Chiswahili anachikhalira pakati zaka zonsezo koma chinawakana. Ankalamula m'Chiswahili chothyokathyoka, kutukwana kokha ndiye ankatukwana m'Chinyanja chathu chosalala bwino.

Amene simunagwirepo ukuli mvetsetsani apa. Sitima sifika kumtunda. Imaima kutali pakuya, ife n'kuitsatira ndi tishali, chiboti chachitsulo chophwatalala chokokedwa ndi boti la injini, titadzaza matumba a khofi wochokera kumapiri. M'nthiti mwa sitima muli khomo la katundu. Nyanja ikagona amatsitsa makwerero a chingwe, aliyense n'kukwera ngati mkwati. Koma miyezi ya mwera tishali imakwera ndi kutsika ngati yaledzera, makwererowo amangokumenyetsa kuchitsulo, ndipo njira imatsala imodzi. Udikire funde likunyamule, ulumphe, ugwire m'mphepete mwa khomo, a m'katimo akukokere. Ukaperewera ndi zala ziwiri zokha, umagwera pakati pa zitsulo ziwiri zimene zikuwombana. Ndipo sitima imakonda kufika m'mamawa, munthu utangodzuka pamphasa, miyendo ili gwa ngati nkhuni.

Lamulo la a Barinaba linali lakuti munthu asaponde mu tishali asanawambe miyendo. Ankati ng'oma yogona panja palibe amene amaiimba asanaiwambe pamoto, pokhapokha ngati akufuna kumva kulira kwa chikopa chonyowa, ndipo mwendo wa munthu wamkulu nawonso ndi chikopa basi. Utsi wa sitima ukangooneka, ankatiimika pamzere pamchenga. Tinkathamanga pang'onopang'ono kukafika pamwala wochapira zovala ndi kubwerako, kawiri. Tinkaponya miyendo kutsogolo ndi m'mbali. Kenako kunyonyomala ndi kudzuka kakhumi, kudumphadumpha pang'ono ngati mpheta, pomaliza kulumpha katatu ndi mphamvu zonse. Tikatha ankayenda pamzerepo akugwira aliyense pamphuno ndi chala chawo chonunkha chija. Mphuno ikakhala youma, bwerera kumwala. Mu tishali namo munalibe kukhala chopinda. Mawondo tinkafunda masaka opanda kanthu, mapazi akuponda chitsulo mpaka tikafike, chifukwa iwo ankati ng'oma yowamba ukaiika pamame imabwerera komwe inachokera.

Tangoganizani amuna a ndevu, ena a zidzukulu, akunyonyomala ndi kudzuka pamaso pa akazi otunga madzi. Pakati pa akaziwo panali apongozi athu. Ana ankatitengera kumbuyo, akulira ngati achule. Dzina linamera pomwepo, a Barinaba anasanduka a Chule, ife tonse ana a chule. A Marita anawadandaulira kuti azikachitira kuseri kwa godawuni, nyumba yosungiramo katundu, kumene maso safika, chifukwa iwo ankalephera kudutsa pamsika. Anayankhidwa kuti kuseriko kuli minga ndi miyala, ndipo manyazi sanathyolepo mwendo wa munthu. Apo nkhalamba inanama. Manyazi omwewo ndi amene anatithyola.

Ndinawafunsapo tsiku lina tikukulunga chingwe.

"Kapitawo, zimenezi munaphunzira kwa azungu?"

"Mzungu unamuonapo liti akulumpha pa tishali, iwe?"

"Nanga kuti?"

"Funsa bondoli. Koka chingwe, usandiyang'ane m'kamwa."

Zina zonse ndinamva kwa a Marita, kuti anagwa ali mnyamata m'mawa wina wozizira, ndipo m'nyumba mwawo nkhaniyo sinkatchulidwa.

Matiya, wa ku Kihagara, amene anakwatira mlongo wanga, ndiye anali katswiri wolumpha pakati pathu, ndipo ankadziwa zimenezo kuposa mmene zinafunikira. Tsiku lina, poona kuti pamwala pali atsikana ambiri, anathamanga kasanu ndi liwiro la mbawala, nanyonyomala mpaka tinasiya kuwerenga. Titafika kusitima analumpha ngati thumba la chinangwa, amalinyero anachita kumugwira m'khosi mwa malaya. A Barinaba anamudikira kumtunda.

"Ndinati uwambe, sindinati uwotche! Ng'oma ukaiiwala pamoto imaphulika, mbuzi iwe."

"Mzee, tikachita pang'ono mukalipa, tikachita kwambiri mukalipa. Mufuna chiyani?"

"Thukuta la pamphuno. La m'matako ukapatse atsikana akowo."

Tinaseka tonse. Matiya sanaseke, ndipo sanaiwale.

Koma mdani weniweni anali a Yustino. Sitima ikaliza mluzu, iwo ankathamanga ndi buku lawo kukhwapa akukuwa haraka, haraka, ife tili pakati pa kunyonyomala.

"Kapitawo, sitima ya boma idikire gule wanuyu?"

"Idikire. Ili ndi mwendo woti uthyoke iyo?"

Sitima ikafika Lamulungu, kuwerenga kwa a Barinaba tikamanyonyomala kunkalowa pazenera la tchalitchi pakati pa pemphero. A Yustino anayamba kunena kuti umenewu ndi gule wachikunja wovala malaya a ntchito. Anakanena kwa Bwana woyang'anira doko, mzungu amene sankasamala china chilichonse kupatula kuti khofi wake akwere. Bwanayo anadula shauri, mlanduwo, mwachidule. Kapitawo aonetse kuti kuvina kwakeko kuli ndi phindu, apo ayi akuleke, ndipo akakana zonse ziwiri ukapitawo upite kwa wina.

Kuleka sakanaleka, tonse tinkadziwa. Ndiye ukapitawo wawo unatsamira pa m'mawa umodzi wa mwezi wa Juni, tsiku lopanda sitima, mwera ukuluma mpaka m'mano.

Anatiitanitsa tonse khumi ndi awiri kuchokera pamphasa, natilamula kuti tiyende ngati tikupita kumaliro, wina asathamange. Anatiimika pansi pa khoma la godawuni, limene linali loyera ndi laimu. Bwana anabwera atavala chijasi, a Yustino ndi buku lawo, ndi anthu a m'mudzi ochuluka ofuna kuona a Chule akuchititsidwa manyazi. M'manja mwa a Barinaba munali kachitini ka mkaka. Munalibe chodabwitsa m'menemo. Unali mwaye wopala kunsi kwa mphika wa a Marita, wosakaniza ndi mafuta a nsomba. Ndinaona ndi maso anga akupala dzulo lake, a Marita akuwakalipira kuti aboola mphika.

Aliyense anaviika chala chapakati m'kachitinimo, naima pansi pa khoma, nalumpha ndi mphamvu zake zonse, nasiya chidindo chakuda pamene chala chafika. Titatha, pakhoma panali mzere wa madontho khumi ndi awiri, okwera ndi otsika monga mwa misinkhu yathu. Mawondo anga analira ngati chitseko.

"Haya, kumwala!"

Tinathamanga, tinaponya miyendo, tinanyonyomala, ana akulira ngati achule, Bwana akuseka m'chijasi chake. A Barinaba anagwira mphuno zonse khumi ndi ziwiri, natibwezera kukhoma. Pamenepo mwaye uja unali utalimba ndi kuzizira. Nkhalamba inauyang'ana, inalavuliramo, inavundula ndi kamtengo. Aliyense anaona. Ine ndinaona, sindinaganize kanthu, chifukwa munthuyo ankalavulira chilichonse chimene wagwira.

Tinalumphanso, aliyense pansi pa chidindo chake. Changa chachiwiri chinapitirira choyamba ndi zala zitatu. Cha wamkulu wa tonsefe, bambo wa imvi, chinapitirira ndi zala ziwiri. Cha Matiya chinapitirira ndi chikhatho chathunthu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsika. Pakhoma panaima mizere iwiri, wina pamwamba pa unzake, yoti ngakhale ine wothawa sukulu ndikuwerenga popanda mwalimu. Bwana anayeza mipatayo ndi kaliwo wake, anagwedeza mutu, anati vizuri, ndiye kuti zili bwino, napita kukamwa tiyi.

"Mwaona?" anatero a Barinaba, akuyang'ana a Yustino. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinaona mano awo.

Ine ndinapita kunyumba ndikuti nkhani yatha. Ndinali ndisanawadziwe anthu a kwathu.

Dzuwa lisanafike paliwombo, pamsika panali pataphuka nkhani ina. Ulendo woyamba sanathiremo malovu. Ulendo wachiwiri anathiramo. Nanga mukufunanso umboni wanji? Kuthamangako ndi kophimba m'maso chabe, mphamvu ili m'kachitini. Pofika madzulo mafuta a nsomba aja anali atasanduka mafuta a munthu womira ku Lipingo. Anthu amene anaona ndi maso awo amuna khumi ndi awiri akutuluka thukuta anasankha kukhulupirira malovu a nkhalamba. Kunyonyomala n'kotopetsa ndiponso n'kochititsa manyazi, pamene mankhwala umangoviika chala.

Lamulungu lake akulu a mpingo anawaitana, ifenso anatikhazika pabenchi ngati mboni. A Yustino ndiwo ankafunsa.

"Munawaona akulavulira m'chitini?"

Tinati tinawaona.

"Ulendo wachiwiri munamva thupi kupepuka?"

"Ine ndinamva ngati wina akundikokera kumwamba," anatero Matiya, nkhope ili phee ngati akulandira mgonero.

"Linali thukuta lako lomwe, chitsiru iwe!" a Barinaba anadzuka. "Bwerani ndi mwaye wanu, a Yustino. Mulavuliremo nokha, kapena musalavulire n'komwe. Tibwerere kukhoma mawa."

"Sitiyesa Mulungu kawiri, a Kamtedza. Ndipo muno simotukwaniramo."

"Ndiye mwandiitanira chiyani, ngati nonse muli zitsiru zokhazokha?"

Apo anadzimangirira okha. Ine ndinali pabenchi pomwepo. Ndinaona mphika ukupalidwa, ndinkadziwa kumene mafuta anachokera, ndipo pakamwa ndinali napo. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Apongozi a mlongo wanga anali pakhomo, a Yustino ndiwo ankalemba mayina a ogwira ntchito, ndipo kunena zoona, nanenso ndinali nditatopa kutchedwa mwana wa chule. Musandifunse zambiri. Pa zonyansa zonse za nkhaniyi, chimene chimandinunkhira pafupi ndi chimenechi.

A Barinaba anawaletsa mgonero. M'mawa mwake a Yustino anatsogolera gulu kwa Bwana kukanena kuti Akhristu sangagwire ntchito pansi pa mfiti. Bwana yemwe uja anati vizuri anangokweza mapewa. Khofi anali atadzaza godawuni, sitima ili m'njira. Ukapitawo unapita kwa Matiya, ndipo lamulo lake loyamba linali lakuti za uchule zatha. Sabata lomwelo kachitini kanasowa pakhonde la a Barinaba. Akhristu okana kugwira ntchito pansi pa mfiti anaba chitini cha mfitiyo.

Sitima inafika Lachisanu m'mamawa, mwera uli pachimake. Tinachoka pamphasa kulunjika mu tishali, tinakhala chopinda, titafunda zofunda zathu mpaka m'makutu. Kunali kokoma, sindikana. Tili pakati pa madzi Matiya anapisa dzanja m'malaya natulutsa kachitini kaja. Analavuliramo yekha, anavundula, nakayendetsa.

"Viikani, anyamata. Nkhalamba inkatizunza chabe, chinsinsi chake ndi ichi."

Aliyense anaviika. Inenso ndinaviika.

Kapitawo ndiye amalumpha poyamba. Matiya anataya chofunda, anaima m'mphepete, anadikira funde monga mwa nthawi zonse, nalumpha. Chala chake chinamenya chitsulo cha sitima pansi pa khomo n'kusiya chidindo chakuda. Ndinachiona bwinobwino chidindocho, chinaperewera ndi zala zitatu. Anatsetsereka, tishali inabwerera. Phokoso lake sindilemba. Tinamukoka m'manja, koma mwendo wakumanja kuyambira pabondo unali utasanduka chinthu china. Kuchipatala cha mishoni anaudula.

Mukuganiza kuti apo anthu anatsegula maso? Pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti a Barinaba anasukulutsa mankhwala aja ali kunyumba kwawo, chifukwa cha nsanje ya ukapitawo. Mankhwala akagwira, ndi mfiti. Akapanda kugwira, ndi mfiti yoposa. Panalibe khomo loti nkhalamba itulukire.

Iwo sanadziteteze. Anapita kuphiri, anadula mtengo wolimba, anasema ndodo ya kukhwapa, anakulunga pamwamba pake ndi chikopa cha mbuzi kuti isapweteke. Msinkhu wa Matiya ankaudziwa, unali pakhoma. Atabwera nayo, mlongo wanga anaiponya kubwalo nawathira madzi otsukira mbale. Nkhalamba inapukuta kumaso, n'kutembenuka. Atapita, mlongo wanga anaitola, anaibisa masiku angapo, kenako anauza mwamuna wake kuti waigula kwa mmisiri wa ku Ndumbi. Ndi ndodo yomweyo imene Matiya akuyendera mpaka lero, imene akuti sifika pamanda a mfiti.

Zaka zawo zotsiriza a Barinaba ankakhala pachitsa m'mbali mwa godawuni akusoka maukonde a eni, a okhawo amene sankaopa kuwapatsa. Utsi wa sitima ukaoneka ankaika ukonde pansi n'kudzuka. Ankatsimphina kukafika kumwala ndi kubwerako, ankanyonyomala mpaka pamene bondo lalola, akuwerenga mokweza m'Chiswahili chawo chothyoka chija, okhaokha pamchenga wonse. Ana anatopa n'kuwaseka. Ife tinkadutsa pambali pawo titawerama. Tsiku lina anandigwira pamkono, nandikhudza pamphuno.

"Youma iyi."

"Ndamva, Kapitawo."

"Wamva chiyani? Uli ndi miyendo ingati yosungira?"

Ndinasolola mkono wanga n'kukakwera tishali. Kuyambira tsiku limenelo ndimalawirira kulowa m'bango ngati ndikupita kukadzithandiza, n'kumanyonyomala m'menemo pamene palibe wondiona. Ndikudziwa anzanga awiri amene amachita chimodzimodzi. Timakumana potuluka, mphuno zili nyowe, osapatsana moni.

Dzulo ndinapita kugodawuni. Chitsa chija wina wazula kale, mwina chapita pamoto. Njira imene mapazi athu anaponda pamchenga kupita kumwala inafafanizika, pano ayanikapo usipa. Khoma lilipo, palibe amene analipakanso laimu, chifukwa palibe wofuna kulikhudza anthu akuona. Koma pamene palibe woona, amalikhudza. Madontho onse a mzere wapamwamba, aja a malovu, anthu anawapala ndi mipeni limodzilimodzi, mpaka njerwa kuonekera. Ena akuti amasokera m'malamba, ena amasungunulira ana amene achedwa kuyenda. Pamene panali chidindo cha Matiya anakumba dzenje loti nkhonya n'kulowa.

Mzere wapansi palibe amene anaufuna. Uli pomwepo, madontho khumi ndi awiri akuda bii, pamene zala zathu zinafika tisanawambe miyendo. Ndinalipeza langa, lachinayi kuchokera kungodya. Kunali kozizira, ndinali nditangochoka pamphasa, ndipo padoko panalibe munthu. Ndinalumpha. Chala changa chinagwera pa dontho lomwelo ndendende.